Kufungatira Mazira a Nalimata wa Leopard Gecko Pakhomo

Leopard gecko ndi nalimata wa kumadera ouma ndi amiyala a Afghanistan, Pakistan, kumpoto chakumadzulo kwa India ndi mbali zina za Iran. Amene anayamba kumulemba m'mabuku a sayansi ndi Edward Blyth m'chaka cha 1854, ndipo dzina limene akatswiri amamudziwa nalo lero ndi Eublepharis macularius. Ku Ulaya, ku America, ku Japan ndi ku South Africa anthu amamuweta m'nyumba, ndipo pafupifupi onse amene amagulitsidwa masiku ano anaswedwa kwa oweta, sanagwidwe kutchire. Amasiyana ndi nalimata wapakhoma uja wosaka tizilombo pafupi ndi babu usiku. Leopard gecko ali ndi zikope zotseka ndi kutsegula, zala zake zilibe zomatira moti sangakwere galasi, ndipo mchira wake ndi wonenepa chifukwa ndi mmene amasungamo mafuta. Ndi wofatsa ndiponso savuta kuswana, n'chifukwa chake anthu ambiri ongoyamba kuweta zokwawa amaphunzirira pa iye kufungatira mazira.

Kusiyana kumene kumakhudza kwambiri ntchito yofungatira kuli pa dzira lenilenilo. Nalimata wapakhoma amaikira timazira tozungulira ta chigoba cholimba, timene timatha kukhala kuseri kwa kabati kapena m'mng'alu wa khoma mpaka kuswa popanda wotisamala. Dzira la leopard gecko ndi lalitali pafupifupi masentimita atatu, ndipo chigoba chake ndi chofewa, chokhala ngati chikopa chopyapyala. Madzi amalowa ndi kutuluka m'chigoba chotere. Likakhala pamalo achinyezi limamwa madzi n'kumakula pang'onopang'ono mpaka tsiku loswa, likakhala pouma limataya madzi n'kuphwa. Kutchire mayi amakumba m'dothi lonyowa pansi pa mwala, n'kuikira, n'kukwirira, n'kumapita osabwereranso. Dothi ndi dzuwa ndizo zimagwira ntchito yotsalayo. Woweta amangoyesa kupanga malo ofanana ndi dzenje limenelo, pamene kutentha ndi chinyezi sizisinthasintha ndiponso pamene palibe chogwedeza dzira.

Mazira ambiri olephera amakhala atalephera kale asanaikiridwe, chifukwa cha mayi amene sanakonzeke. Oweta odziwa sakweretsa wamkazi asanakwane chaka, ndipo amayamba amuika pasikelo. Ambiri amadikira kuti afike magalamu 45 mpaka 50, mchira utadzaza bwino. Chigoba cha dzira lililonse chimafuna kashiamu, ndipo ngati mulibe wokwanira m'chakudya thupi limakamutenga m'mafupa a mayiyo. Zotsatira zake ndi nsagwada zofewa, miyendo yopindika ndi mazira a chigoba chonyenyeka. Choncho tizilombo timene akudya, kaya ndi ta mtundu wa nkhululu, mphutsi za mealworm kapena mphemvu za dubia, timayamba tadyetsedwa bwino kenako n'kuwazidwa ufa wa kashiamu ndi vitamini D3, ndipo kambale ka kashiamu wopanda chosakaniza kamakhala m'khola nthawi zonse kuti azinyambita akafuna.

Akakwerana, pamapita masabata awiri kapena atatu kuti mazira oyamba aikiridwe. Masiku akamayandikira, mazira awiri amaonekera pakhungu la kumimba ngati zinthu zoyera zazitali, lina mbali iyi lina mbali inayo, ndipo mayi amasiya kudya n'kumangoyendayenda ndi kukumba. Nthawi zambiri amaikira awiri pa ulendo umodzi, ngakhale wongoyamba kapena wokalamba amatha kuikira limodzi. Kenako amabwereza pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo pa nyengo imodzi amatha kuikira kanayi mpaka kasanu ndi katatu. Chimene chimadzidzimutsa ongoyamba n'chakuti wamkazi amasunga umuna m'thupi. Kukumana kamodzi kapena kawiri kumakwanira mazira a nyengo yonse, moti kusiya mphongo m'khola lomwelo kumangotopetsa mayi ndi kumulumaluma pakhosi. Wamkazi amene sanaonanepo ndi mphongo amathanso kuikira, koma mazira akewo amakhala opanda mluza.

M'khola la mayi mumafunika bokosi loikiramo: kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro ndi chibowo cholowera, mutathiridwa zinyenyeswazi za makoko a kokonati kapena ndere ya sphagnum yonyowa pang'ono, yakuya masentimita asanu kapena kuposerapo. Akasowa malo otere amaikira pamtunda pouma kapena m'mbale ya madzi, ndipo dzira limene lagona m'madzi usiku wonse kawirikawiri limakhala litafa. Choopsa kwambiri ndi pamene asunga mazirawo m'mimba chifukwa chosowa poikira. Wamkazi amene wakhala akukumba masiku angapo osaikira, wafooka, maso alowa m'kati, ndi wofunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Kumufinya pamimba poyesa kumuthandiza kumaphulitsa dzira m'kati.

Chofungatirira chimayenera kukhala chitayamba kale kugwira ntchito mazira asanabwere, kwa masiku awiri kapena atatu, kuti woweta aone ngati chikusunga kutentha kumene akufuna usana ndi usiku. Oweta ambiri ku America akhala akugwiritsa ntchito Hova-Bator, bokosi la styrofoam limene linapangidwira mazira a nkhuku. Limathandiza, koma amene anazolowera nkhuku ayenera kuiwala zinthu ziwiri. Mazira a nkhuku amafuna madigiri 37.5, kutentha kumene kungaphe dzira la nalimata, ndiponso amatembenuzidwa tsiku ndi tsiku, pamene a nalimata satembenuzidwa. Chotembenuzira mazira chimachotsedwa, ndipo ngati muli fani yamphamvu amasamala chifukwa imaumitsa. Ena amadzipangira okha: cooler box, kampasa kamagetsi kotenthetsa komatidwa m'mbali mwake, ndi mabotolo angapo amadzi otseka bwino pansi. Madzi a m'mabotolowo amasunga kutentha, moti bokosi likatsegulidwa kapena magetsi akazima silizizira msanga.

Chipangizo chosayenera kuchitirapo kaumbombo ndi thermostat, kamakina kamene kamayatsa ndi kuzimitsa chotenthetsa molingana ndi kutentha kwa m'bokosi. Yotsika mtengo imangoyatsa ndi kuzimitsa, ndipo kutentha kumakwera ndi kutsika ndi digiri imodzi kapena awiri. Yabwinoko imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumakhala pamodzimodzi. Chotenthetsa chopanda thermostat n'chosayenera kuyesa n'komwe. Manambala olembedwa pa thermostat nawonso si odalirika paokha, choncho pamafunika choyezera kutentha china chapadera, nsonga yake italowa m'kontena ya mazira, pafupi ndi mazirawo. Mpweya wa kudenga kwa bokosi umatha kusiyana ndi wa pamene pagona dzira, ndipo pa nyama iyi kusiyana kwa madigiri awiri kumasintha zambiri.

Kumasintha zambiri chifukwa kutentha n'kumene kumasankha ngati mwana adzakhale wamwamuna kapena wamkazi. Mwa anthu ndi nkhuku nkhaniyi imatha pa tsiku lotenga pathupi, koma mwa leopard gecko dzira limaikiridwa chisankhochi chisanachitike. Woyamba kulemba za khalidwe limeneli mwa zokwawa anali Madeleine Charnier, amene ankagwira ntchito ku Dakar m'dziko la Senegal, m'chaka cha 1966, ataliona mwa buluzi wa mtundu wa gulo wotchedwa Agama agama. Pambuyo pake zinadziwika kuti ng'ona zonse ndi akamba ambiri amateronso. Pa leopard gecko, kafukufuku wambiri anachitika pa University of Texas ku Austin motsogozedwa ndi David Crews. Iwo anapeza kuti pa madigiri 26 amaswa aakazi okhaokha, pa 30 ambiri amakhalabe aakazi, pa 32.5 pafupifupi atatu mwa anayi amakhala aamuna, ndipo kutentha kukafika 34 kumabwereranso kwa aakazi. Palibe kutentha kumene kumapereka aamuna okhaokha. Anapezanso kuti aakazi oswedwa pa kutentha kwakukulu amakula aukali kuposa anzawo, ndipo mphongo sizikopeka nawo kwenikweni. Oweta amawadziwa aakazi oterewa ndipo ambiri amawapewa pa ntchito yoswetsa.

Mwa manambala amenewa oweta anatengamo malamulo osavuta. Wofuna aakazi amaika madigiri 26.5 mpaka 27.5. Wofuna osakaniza amaika cha m'ma 29 mpaka 30. Wofuna aamuna ambiri amaika 31.5 mpaka 32. Chisankho cha wamwamuna kapena wamkazi chimachitika m'masabata oyambirira, ndipo ena amatengerapo mwayi: amayamba ndi kutentha kotsika kwa masabata atatu kuti apeze aakazi, kenako amakweza kuti mazira aswe msanga ndiponso kuti ana atuluke owala. N'zoona kuti kutentha kumakhudza mtundu wa khungu. Ana oswedwa pozizira amatuluka oderako, ndipo zimaoneka kwambiri mwa achialubino a mzere wa Tremper, amene pozizira amatuluka abulauni. Koma kwa wongoyamba masewera okweza ndi kutsitsawa ndi osafunika. Kwa iye madigiri 28 mpaka 29 ndi malo abwino, chifukwa kaya kutentha kukwere pang'ono kaya kutsike pang'ono, mazira amakhalabe kutali ndi malire oopsa. Woika 32 amakhala atayandikira kale malirewo, ndipo tsiku limodzi lotentha limakwanira kuwononga ntchito ya mwezi wathunthu.

Nthawi yofungatira nayo imatsatira kutentha. Pa 32 mazira amatha kuswa pakati pa masiku 35 ndi 45, pa 29 amatenga cha m'ma 45 mpaka 55, pa 27 amafika miyezi iwiri kapena kupitirira, ndipo pozizira kuposa apo ena amayandikira masiku 90. Kuzizira kumachedwetsa, kutentha kumapha. Mazira amene atsika kufika m'ma 22 kapena 23 kwa maola angapo chifukwa magetsi azima kawirikawiri amapulumuka, bola bokosi lisatsegulidwe, lingofunditsidwa bulangete. Amene akwera kupitirira 35 kwa maola omwewo amafa kapena amatulutsa ana opunduka, a mchira wokhota, a zikope zosakwanira. Choncho magetsi akazima, kuika bokosi padzuwa kapena pafupi ndi mbaula n'kolakwika kuposa kungolisiya. Pali vuto lina limene mabuku olembedwa m'mayiko ozizira salitchula kwenikweni. Zofungatirira zambiri zimangotenthetsa, siziziziritsa. M'dera limene chipinda cha malata chimafika madigiri 34 masana mu Okutobala, thermostat imazimitsa chotenthetsa koma bokosi limatenthabe. Malo a chofungatirira ndi chipinda chozizira kuposa zonse m'nyumba, pansi pa simenti, kutali ndi zenera, ndipo kumalo otentha kwambiri kumafunika mtundu wa chofungatirira wooneka ngati kafiriji umene umatenthetsa ndi kuziziritsa komwe.

Mazira sagona pabokosi lopanda kanthu. Amaikidwa m'kontena yaing'ono ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, mutathiridwa chinthu chosunga chinyezi. Zodziwika ndi ziwiri, ndipo zonse zimapezeka kogulitsa zipangizo za kumunda wa maluwa. Vermiculite ndi mwala wa timagawo topyapyala umene umafufuma ukawotchedwa, ndipo umodzi mwa migodi yake ikuluikulu padziko lonse uli ku Phalaborwa m'dziko la South Africa. Perlite ndi timibulu toyera topepuka tochokera ku miyala ya chiphalaphala. Chofunika ndi kugula wopanda feteleza, popeza wina amagulitsidwa atasakanizidwa kale ndi chakudya cha mbewu. Madzi amayezedwa pasikelo, osati ndi kapu. Pa vermiculite muyezo wofala ndi wofanana: magalamu 100 a vermiculite, magalamu 100 a madzi. Pa perlite amachepetsa pang'ono, cha m'ma magalamu 80 a madzi pa 100. Vermiculite wosakanizidwa bwino akafinyidwa m'dzanja amagwirana, koma sadontha. Akadontha ndiye kuti madzi achuluka.

Kuchuluka kwa madzi n'kumene kumapha mazira ambiri a ongoyamba, chifukwa mantha awo amakhala pa kuuma. Dzira la pamalo onyowa kwambiri limamwa mopitirira, limatupa, mpweya umavutika kudutsa m'chigoba, ndipo mwana amafera m'kati atatsala pang'ono kuswa. Kuuma pang'ono kumaoneka msanga ndipo kumakonzeka, pamene kunyowetsa kumaonekera zinthu zitaonongeka kale. Njira yodalirika ndi kuika kontena yonse pasikelo tsiku loyamba, n'kulemba kulemera kwake pachivindikiro. Sabata iliyonse amaiyezanso, ndipo magalamu amene achoka amawabwezera ndi madzi ofunda mofanana ndi m'bokosimo, kuwathira m'mbali mwa kontena, osati padzira. Kontena yotseka kotheratu imatsegulidwa kamodzi pa sabata kwa kamphindi kuti mulowe mpweya watsopano. Ena amaboola timabowo tiwiri kapena titatu ndi singano, koma yotero imauma msanga. Timadontho tochepa m'mbali mwa kontena si vuto. Madontho aakulu olendewera kuchivindikiro amapukutidwa, chifukwa akamagwera padzira amaliwoletsa. Palinso makontena okhala ndi sefa pakati, mazira pamwamba madzi kapena perlite wonyowa pansi, moti dzira limangolandira chinyezi cha mumpweya osakhudza chonyowa chilichonse. Kwa amene dzanja lake limathira madzi mopitirira, makontena amenewa amathandiza.

Potola mazira pamafunika dzanja lofatsa. M'nyengo yoikira bokosi loikiramo limayang'anidwa m'mawa uliwonse, ndipo chizindikiro chimakhala mulu wa zinyenyeswazi pakona imodzi ndi mayi amene mimba yaphwa. Woweta amafukula ndi zala pang'onopang'ono mpaka choyera chioneke. Asanalinyamule amalemba kachizindikiro pamwamba pake ndi pensulo yofewa, n'kulinyamula mmene lagoneramo, n'kuligoneka m'kadzenje kopangidwa ndi chala, theka lili m'kati theka lili kunja. Chifukwa cha chizindikirocho ndi ichi. M'dzira la nkhuku muli timitsempha tiwiri topota timene timagwira mbali yachikasu ija kuti mluza uzikhala pamwamba ngakhale dzira litembenuke. M'dzira la nalimata mulibe. Pakangotha nthawi yochepa chiikirireni mluza umakhazikika kumtunda kwa chigoba, ndipo dzira likagudubuzika umatha kupsinjidwa kapena kuchoka pamalo pake. Si dzira lililonse logudubuzika limene limafa, ndipo lotembenuka mwangozi limangobwezedwa mmene linalili, koma palibe phindu lililonse poliyesa. Mazira awiri akamatana, amasiyidwa choncho, chifukwa kuwalekanitsa kumang'amba chigoba. Pachivindikiro amalembapo tsiku loikira ndi mayina kapena manambala a makolo.

Dzira longoikiridwa limakhala lofewa ndi lomata. Lamoyo limalimba pakatha tsiku limodzi kapena awiri n'kuyera mbuu. Lopanda mluza limakhalabe lofewa, lonyezimira chikasu, ngati kathumba kamadzi. Njira yotsimikizira ndi kuwalitsa ndi tochi yaing'ono m'chipinda chamdima, tochiyo itagunda m'mbali mwa dzira lili pamalo pake. Lamoyo limaonetsa kabwalo kofiira kumtunda, ndipo pakatha sabata kapena awiri lonse limawala mofiirira, timitsempha tamagazi titayala m'chigoba. Losukusa limawala chikasu chokhachokha. Mazira oyamba a mayi wongoyamba nthawi zambiri amakhala osukusa, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mphongo ndi yosabereka. Lokayikitsa silitayidwa msanga. Limasungidwa, mwina m'kontena yakeyake, mpaka litadzionetsa lokha mwa kununkha, kuphwa kotheratu kapena kuda. Kuwalitsa kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Amene amatsegula bokosi madzulo aliwonse kuti aone mmene mwana akukulira amangotulutsa kutentha ndi chinyezi zimene wavutika kuzisunga.

Zovuta za pakati pa nyengoyi ndi ziwiri, kuphwa ndi chuku. Dzira likayamba kulowa m'kati masabata oswa asanafike, ndiye kuti likuuma. Amathira madzi pang'ono m'mbali n'kulifunditsa ndere yonyowa pang'ono, ndipo lamoyo limadzazanso pakatha masiku angapo. Chuku chimakonda dzira lakufa, ndipo chigoba cha lamoyo chimadziteteza ndithu, moti si zachilendo kuona dzira labwinobwino litamatana ndi linzake lowola n'kudzaswa bwinobwino. Chuku chochepa padzira lamoyo chimapukutidwa ndi kathonje kouma, kenako n'kuchepetsa chinyezi m'kontenamo. Nyerere nazo zimatha kulowa m'chofungatirira n'kuboola mazira, choncho miyendo ya tebulo ndi ming'alu ya bokosi ndi zoyenera kuziyang'ana.

Kuswa kukayandikira, dzira limene linali lodzaza limatha kutuluka timadontho pachigoba ngati thukuta, kenako limaphwa pang'ono. Apa kuphwa si chizindikiro cha kuuma, ndipo kuthira madzi n'kulakwitsa. Tsiku lolembedwa pachivindikiro lija ndi limene limasiyanitsa zinthu ziwirizi. Mwana ali ndi timano tiwiri tapadera kutsogolo kwa kamwa timene amang'ambira chigoba, ndipo timagwa pasanapite nthawi. Akang'amba amatulutsa mphuno, nthawi zina mutu wonse, n'kukhala choncho kwa maola ambiri. Pa nthawiyi akuphunzira kupuma ndi mapapo ndiponso akumalizitsa kukokera m'mimba chakudya chotsala cha m'dzira. Womukoka amamutulutsa ndi kathumba ka chakudyako kali panja, ndipo mwana wotere amatha kutaya magazi kapena kutenga matenda pamchombo. Kudula dzira ndi lumo poganiza kuti mwana wachedwa kulinso ndi ngozi yomweyo. Mnzake wa m'dzira lachiwiri kawirikawiri amatsatira tsiku lomwelo kapena pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Amene watuluka ndi kathumba kakulendewera amaikidwa m'kakontena koyera pa pepala lonyowa, m'chofungatirira momwemo, mpaka kathumbako kaume kagwe kokha.

Mwana wongoswa amakhala wotalika masentimita 7 mpaka 10 ndipo amalemera magalamu awiri kapena atatu. Alibe mawangamawanga amene anapatsa nalimatayu dzina la nyalugwe. Ali ndi mizere yopingasa yachikasu ndi yakuda, imene imadzasweka kukhala mawanga akamakula. Ndi waukali modabwitsa: akaona chala amaimika miyendo, amayasamula n'kulira mokweza, ndipo akagwidwa mchira amaudula. Amasiyidwa m'kontena kwa theka la tsiku kapena tsiku, kenako amasamutsidwira m'bokosi lakelake loyalidwa pepala lofewa, lokhala ndi pobisala pouma, pobisala ponyowa, kambale kosaya ka madzi, ndi mbali imodzi yofunda madigiri 30 mpaka 32 pansi. Mchenga suyenera, chifukwa ana amaumeza pogwira tizilombo n'kutsekeka m'matumbo. Masiku oyamba sadya. Pakatha masiku atatu mpaka asanu amafundula koyamba n'kudya khungu lakelo, ndipo akachita chimbudzi choyamba m'pamene amapatsidwa tizilombo tating'ono, tosaposa mpata wa pakati pa maso ake, towazidwa kashiamu. Ana osungidwa pamodzi amalumana michira ndipo wamphamvu amamana mnzake chakudya. Kudziwa wamwamuna ndi wamkazi kumatheka pakatha miyezi ingapo, pamene wamwamuna amaonetsa timabowo tondandalika ngati chilembo V kutsogolo kwa kotulukira chimbudzi ndi totupa tiwiri patsinde pa mchira. Monga zokwawa zonse, analimata amatha kunyamula tizilombo ta Salmonella, choncho kusamba m'manja pambuyo powagwira ndi lamulo.

Manambala onsewa ndi a leopard gecko, ndipo kuwagwiritsa ntchito pa nalimata wina mosafufuza kumapha mazira. Wachibale wake wa kumadzulo kwa Africa, Hemitheconyx caudicinctus, amafanana naye kwambiri ndipo amafungatiridwa m'njira yomweyi. Koma crested gecko wa ku New Caledonia, amene anthu ankaganiza kuti anatha mpaka pamene anapezekanso mu 1994, amachokera m'nkhalango zozizirirapo. Mazira ake amafuna madigiri 22 mpaka 26, amatenga miyezi iwiri mpaka itatu kapena kuposa, ndipo kutentha kumene kumapereka leopard gecko wamwamuna kumawapha. Tokay wa ku Asia ndi ena mwa analimata obiriwira a mtundu wa Phelsuma a ku Madagascar amamata mazira awo a chigoba cholimba pakhoma la khola kapena m'kati mwa nsungwi. Mazira otere sachotsedwa, chifukwa amasweka. Amangovindikiridwa ndi kakapu koboola pomwe alipo.

Chofungatirira sichingakonze zimene zinalakwika posankha makolo. Oweta apanga mitundu yambiri ya maonekedwe, ndipo ina imabwera ndi matenda. Mtundu wa Enigma umadziwika ndi vuto la mitsempha: nalimata amazungulirazungulira, amapendeketsa mutu, amaphonya chakudya. Wa Lemon Frost umatuluka zotupa pakhungu, ndipo kafukufuku wa akatswiri a ku UCLA amene anasindikizidwa mu PLOS Genetics mu 2021 anagwirizanitsa zotupazo ndi jini yotchedwa SPINT1. Achialubino alipo mizere itatu, Tremper, Rainwater ndi Bell, ndipo kukweretsa ya mizere yosiyana kumabala ana ooneka wamba amene anyamula zosakanikirana, zimene oweta ena safuna kugula. Wongoyamba amene sadziwa mbiri ya makolo a analimata ake, makamaka ogulidwa m'sitolo opanda zolemba, ali ndi chifukwa chokwanira chosawakweretsa.

Pomaliza pali masamu. Wamkazi mmodzi wathanzi amatha kupereka ana 8 mpaka 16 pa nyengo imodzi, aliyense wofuna bokosi lake, malo ofunda ndi tizilombo tamoyo pafupifupi tsiku lililonse m'miyezi yoyamba. Leopard gecko wosamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20, ndipo m'mayiko amene amawetedwa kwambiri ana wamba ndi ochuluka kale pamsika, moti amagulidwa motchipa kapena osagulidwa n'komwe. Malamulo osunga ndi kugulitsa nyama zachilendo amasiyana dziko ndi dziko, ku South Africa amasiyananso chigawo ndi chigawo, ndipo kutaya nalimata wachilendo kutchire si njira. Palibe chokakamiza kufungatira dzira lililonse limene laikiridwa. Oweta amene alibe malo amatenga mazira ongoikiridwa kumene, n'kuwaika mufiriza kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kuwataya. Kwa wongoyamba, wamkazi mmodzi ndi mazira anayi kapena asanu ndi limodzi m'chaka choyamba ndi zokwanira, ndipo mabokosi a ana ndi anthu odzawatenga ayenera kupezeka mphongo isanalowe m'khola la wamkazi.